Kamera Yopanda Kalilole Ikamachedwa Kuonetsa Zithunzi

Kamera zopanda kalilole, zimene pa Chingerezi amazitcha mirrorless, zinayamba kudziwika mu 2008 pamene kampani ya Panasonic inatulutsa Lumix G1. Patapita zaka khumi, mu 2018, Canon inatulutsa EOS R ndipo Nikon inatulutsa Z6 ndi Z7. Ngakhale kamerazi ndi zamakono, pali dandaulo limodzi limene limamveka kawirikawiri: munthu wajambula, wadina batani loonera chithunzi, koma sikirini yangoti bii, kapena yalemba kuti adikire. Kwa wojambula pa ukwati, masekondi khumi ndi okwanira kuti mkwati ndi mkwatibwi avekane mphete iye maso ali pa sikirini. Nkhani ino ikufotokoza chimene chimachititsa kuchedwaku, ndi momwe munthu angapezere gwero lake asanathamangire kwa okonza.

Tiyambe ndi ulendo umene chithunzi chimayenda. Kuwala kukafika pa sensa, kamera imakusandutsa fayilo, koma fayiloyo siipita pa memori khadi nthawi yomweyo. Imayamba yaima pamalo ena osungira mongoyembekezera, otchedwa buffer. Tingayerekeze buffer ndi ndowa yobowoka pansi: madzi akamalowa mwamphamvu kuposa momwe akutulukira, ndowa imadzaza. Kamera zambiri zimachedwa kapena kukana kumene kuonetsa zithunzi mpaka ndowayo itaphwa. Masamu ake ndi osavuta. Fayilo ya RAW ya kamera ya ma megapixel 24 imakhala pafupifupi 25 MB. Wojambula akamatola zithunzi 10 pa sekondi kwa masekondi atatu, wapanga 750 MB. Khadi lolemba 30 MB pa sekondi lidzatenga masekondi 25 kuti limalize, pamene lolemba 90 MB litenga masekondi 8 okha ndi pang'ono. Kamera ndi yomweyo, chasintha ndi khadi.

N'chifukwa chake woyamba kumukayikira ndi khadi. Apa m'pamene anthu ambiri amanamizidwa. Nambala yaikulu imene imalembedwa pankhope pa khadi, monga 170 MB/s, nthawi zambiri imanena za liwiro lowerengera, osati lolembera. Chizindikiro chodalirika ndi chilembo V chokhala ndi nambala: V30, V60 kapena V90. Nambalayo ndi liwiro lotsikitsitsa limene khadi limalonjeza polemba. Palinso kusiyana kwa UHS-I, imene malire ake ndi 104 MB pa sekondi, ndi UHS-II, imene imafika 312. Khadi la UHS-II limadziwika mukalitembenuza, chifukwa lili ndi mizere iwiri ya tizitsulo m'malo mwa umodzi. Koma kugula khadi lotere pamene kamera imangolandira UHS-I ndi kutaya ndalama, pakuti lidzayenda pa liwiro la UHS-I basi.

Kamera zolowa makhadi awiri zili ndi msampha wakewake. Pa Sony A7 III ya mu 2018, malo oyamba ndi a UHS-II koma achiwiri ndi a UHS-I. Munthu akaiuza kamera kuti izilemba chithunzi chilichonse pa makhadi onse awiri, liwiro lonse limatsata khadi lochedwalo. Ine ndikuona kuti pa ntchito yolipidwa kuchedwa kumeneku n'koyenera kukupirira, chifukwa khadi limodzi likafa zithunzi zimatsala pa linalo. Chofunika ndi kudziwa kuti kamera sinawonongeke. Makhadi achinyengo nawonso alipo ambiri pamsika, olembedwa dzina lodziwika koma m'kati muli zachabechabe. Pulogalamu yaulere ya H2testw imatha kuyesa khadi pa kompyuta n'kuonetsa kukula kwake kwenikweni ndi liwiro lake.

Nanga ngati kamera ikuchedwa kuonetsa ngakhale zithunzi zadzulo, pamene sikulemba kanthu? Pamenepo buffer ilibe mlandu. Kamera imasunga zithunzi mu foda yotchedwa DCIM, ndipo zina, makamaka za Sony, zimasunganso kaundula wa zonse zili pa khadi. Khadi likakhala ndi zithunzi zikwizikwi, kapena likamayenda m'makamera osiyanasiyana, kapena wina akafufuta ndi kusintha mayina a mafayilo pa kompyuta, kaundulayo amasiyana ndi zimene zilidi pa khadi. Kamera za Sony zili ndi lamulo la Recover Image DB lokonzera zimenezi. Mankhwala amphamvu kuposa onse ndi kufomata khadi m'kamera momwemo, osati pa kompyuta. Koma kufomata kumafufuta zonse. Munthu ayenera kuyamba wakopera zithunzi pamalo awiri, atsegule zingapo kuti atsimikize kuti zakoperedwadi, kenako afomate. Zithunzi za pa chinkhoswe sizijambulidwa kawiri.

Pali zina zooneka ngati vuto pamene kamera ikungochita zimene inauzidwa. Pojambula usiku, ngati Long Exposure Noise Reduction ndi yoyatsa, kamera ikatola chithunzi cha masekondi 30 imatolanso china chamdima cha masekondi 30 kuti ichotsere timadontho, ndipo nthawi yonseyo siionetsa kanthu. Chinanso n'chakuti pafupi ndi pamene timaika diso pali kasensa kozindikira nkhope. Lamba, chala kapena fumbi zikakaphimba, kamera imaganiza kuti mwini wake wasuzumira, ndiye imazimitsa sikirini n'kuonetsa chithunzi m'katimo. Kupukuta kasensako ndi kansalu kofewa kumathetsa nkhani. Kutumiza zithunzi ku foni kudzera pa Wi-Fi nakonso kumatha kuitanganitsa kamera, choncho n'kwabwino kuzimitsa poyesa.

Pofufuza, munthu asinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Akasintha khadi, batire ndi zochunira zonse pakamodzi, vuto likhoza kutha koma sadzadziwa chimene chinalichititsa, ndipo lidzabweranso. Ndi bwino kubwereka khadi labwino, kulifomata, kutola chithunzi chimodzi cha JPEG n'kuona ngati chikuoneka msanga. Chikaoneka, ayese RAW, kenako ayese kutola zambiri motsatizana. Pamene kuchedwa kwayambira m'pamene pali gwero. Ngati kamera ikuchedwabe ndi khadi latsopano komanso chithunzi chimodzi, aone ngati kampani inatulutsa firmware yatsopano, ndipo poiika batire likhale lodzaza, chifukwa kamera ikazima ntchitoyi ili m'kati imatha kukana kuyakanso. Zonsezi zikakanika, mwina tizitsulo ta polowera khadi tapindika kapena tada, ndipo imeneyo ndi ntchito ya okonza.

Pa nthawi yonse yofufuzayi, kanyale kosonyeza kuti kamera ikulemba kakamathwanima, khadi lisatulutsidwe ndipo batire lisachotsedwe. Zithunzi zimene zikadali mu buffer zimatayika pomwepo, ndipo nthawi zina khadi lonse limasiya kuwerengeka.