MIYALA YA KU RUFUNSA IFUNA ANA A KOMWEKO OIDZIWA

Munthu wokwera basi kucokera ku mlatho wa Luangwa kulinga ku Lusaka amaona zinthu ziwiri pamene adutsa m'boma la Rufunsa: matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa mseu wa Great East, ndi mapiri a miyala amene mseuwo umakhota-khota powalambalala. Mtengo wa makala aliyense audziwa. Koma za miyalayo, ndi owerengeka okha m'midzi amene anganene dzina lake kapena cimene cagona pansi pake. Basi yomweyo isanafike pakati pa mzinda imadutsa pa cipata ca Yunivesiti ya Zambia, ndipo kuseri kwa cipataco kuli sukulu imene nchito yake ndiyo kuphunzitsa anyamata ndi atsikana kuwerenga miyala monga mmene munthu awerengera kalata.

Sukuluyo ichedwa School of Mines. Inatsegulidwa m'caka ca 1973, patapita zaka 7 yunivesiti italandira ophunzira ake oyamba mu 1966, pa nthawi imene dziko linali kusowa akatswiri akeake oyendetsa migodi ya mkuwa. Kumeneko ena amaphunzira kakumbidwe ka migodi, ena kayengedwe ka zitsulo, ndipo ena amaphunzira za miyala yeniyeniyo, maphunziro amene achedwa jiyoloji. Ku Kitwe, Yunivesiti ya Copperbelt, imene inakhazikitsidwa mu 1987, nayonso iri ndi sukulu ya za migodi.

Boma la Rufunsa ndi lacicepere, pakuti linapatulidwa ku Chongwe mu 2012 mu ulamuliro wa malemu a Michael Sata, koma mbiri ya golide m'dera limeneli ndi yakale. M'nthawi ya atsamunda kunali migodi ya Jessie ndi Chakwenga ku mbali yomweyi ya dziko. Amene anayeza miyala ndi kulemba mapu masiku amenewo anali alendo. Eni dziko anali kugwira fosholo ndi kunyamula dothi. Lero golide akukumbidwabe ndi anthu wamba m'mapiri ndi m'makwawa, ndipo mu 2020 kampani ya Boma ya ZCCM-IH inayamba kugula golide kwa okumba ang'ono-ang'ono, Rufunsa ali pakati pa malo amene nchitoyo inafika. Cimene sicinasinthe kwenikweni ndi ici: wokumba ndi wa pamudzi, koma wodziwa kuyeza acokera kutali.

Wophunzira wa jiyoloji amakhala pa yunivesiti zaka 5. Caka coyamba sakhudza mwala konse. Amalowa m'sukulu ya sayansi pamodzi ndi anzace ofuna udokotala ndi uinjiniya, naphunzira masamu, fizikisi, kemisitiri ndi za zamoyo, ndipo zotsatira za mayeso a caka cimeneco ndizo zimagamula kumene adzapita. Ambiri amakhumudwa pomwepa. Wopambana, m'zaka zotsatira amayamba kugwira miyala m'manja: kuisiyanitsa ndi maso, kuikanda ndi mpeni kuti adziwe kulimba kwace, ndi kuidula mopyapyala kuposa pepala kuti kuwala kupyole aione pa makina okulitsa zinthu zazing'ono. Amaphunzira kuti miyala ina inacokera ku moto wa pansi pa dziko, ina inaunjikana pang'ono-pang'ono pansi pa madzi, ndipo ina inasandulika cifukwa ca kutentha ndi kupanikizika, monga mmene dongo lisandukira mbiya m'ng'anjo.

Pambuyo pace amatuluka m'kalasi. Atatenga nyundo, kampasi, mapu ndi kabuku, amayenda pansi masiku ambiri m'chire, kutsata mitsinje youma kumene madzi anabvundukula thanthwe, nalemba mtundu wa mwala uliwonse ndi kumene wapendekera. Asanamalize maphunziro ayenera kulemba mapu a dera limene wapatsidwa. Pa nchito imeneyi mwana wokulira kwa Mfumu Mpanshya, kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda sangacepe kwa mwana wa m'tauni, pakuti kukwera phiri dzuwa liri pamutu ndi kusunga njira m'thengo anazidziwa akali kuweta mbuzi.

Zimene aphunzira sizikhala za m'buku cabe. Golide wa m'mapiri otere kawiri-kawiri amapezeka m'mizere ya mwala woyera wa nsangalabwi, umene unadzaza ming'alu ya thanthwe kale-kale. Mzere wotere uli ndi kumene ulowera pansi, ndipo wodziwa kuyeza kupendekeka kwace anganene ngati dzenje liyenera kukumbidwa pano kapena patsogolo, mmalo mwakuti banja lithe mwezi wathunthu likukumba pacabe. Adziwanso mwala wonyezimira wacikasu umene wanyenga anthu ambiri: ukamenyedwa ndi nyundo umaphwanyika, pamene golide weniweni amangophwatalala. Ndipo adziwa kuti dzenje lakuya lopanda mitengo yocirikiza, m'dothi lonyowa ndi mvula, limagwa mosacenjeza.

Akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu, amene apaulendo amaima kuti awaone, alinso ndi phunziro lace. Madziwo ndi a mvula amene analowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ikulu-ikulu ya thanthwe. Pansi pa dziko kutentha kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30 pa kilomita iriyonse, motero madziwo amatenthedwa nabwerera kumwamba asanazizire. Nzeru yomweyo ya kayendedwe ka madzi m'miyala ndiyo imathandiza posankha malo obowola citsime. Anthu amene anaona cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka cimeneco, adziwa kuwawa kwa citsime cimene cauma mudzi utasonkha ndalama.

Mbali yaciwiri ya maphunzirowa ndi ya cilengedwe, ndiko kuti nthaka, madzi, mpweya ndi nkhalango, ndi mmene nchito za anthu zimaziwonongera. Pa Yunivesiti ya Zambia zambiri za izi ziphunzitsidwa m'cigawo ca jogirafe ndi za cilengedwe. Ena amaganiza kuti wophunzira za cilengedwe ndi mdani wa wokumba mgodi. Mbiri ya Kabwe ikutsutsa maganizo amenewo. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994 utagwira nchito zaka pafupifupi 90, koma fumbi lace likali m'dothi la m'makomboni, ndipo madokotala akhala akupeza mtovu wocuruka m'magazi a ana obadwa mgodi utatsekedwa kale. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi nalowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba ndi mbewu za m'madimba zinafa.

Ku Rufunsa bvuto loyandikira ndi mankhwala a mekyuri amene okumba ena amagwiritsa nchito pokola golide. Amasakaniza mankhwalawo ndi dothi losinja, kenaka amaocha kampira kamene kapangika kuti golide atsale. Utsi umene utuluka suoneka bwino ndipo sununkha, koma umalowa m'mapapo nuwononga ubongo ndi mitsempha. Munthu amayamba kunjenjemera manja ndi kuiwala-iwala, ndipo mwana amene ali m'mimba ndiye abvulala koposa. Zotsalira zimakokoloka kupita ku mtsinje ndi kulowa m'nsomba. Matenda otere anadziwika m'tauni ya Minamata ku Japan mu 1956, ndipo pangano la maiko la 2013 locepetsa mankhwalawa, limene Zambia inabvomereza mu 2016, linachedwa dzina la tauni imeneyo. Koma pangano losainidwa kutali silingaletse mai kuocha kampirako pa mbaula yophikira nsima. Afunika munthu wolankhula Cisoli kapena Cinyanja, wodziwa kuyeza madzi, amene akulu a mudzi angamukhulupirire cifukwa adziwa makolo ace.

Nkhani ya mgodi wa mkuwa wa Kangaluwi, m'nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi kum'mwera kwa derali, inasonyeza kumene zinthu zimagamulidwira. Bungwe la Boma loona za cilengedwe la ZEMA linaukana mu 2012, nduna inaubvomereza mu 2014, nkhani inakhala m'makhoti zaka zambiri, cilolezo cinaperekedwa mu 2021, ndipo mu 2023 cinafafanizidwa. Zaka zonsezo mkangano unali pa mabuku okhuthala ofotokoza cimene mgodi udzacita ku madzi, nyama ndi anthu. Lamulo lifuna kuti anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo ao, koma mfumu ndi nduna zace zikapatsidwa buku la masamba mazana-mazana m'Cingelezi ca akatswiri, kufunsidwako kumakhala kwa mwambo cabe ngati palibe mwana wa mudzi wotha kuliwerenga ndi kuloza tsamba limene labisa bvuto.

Njira yopita ku maphunzirowa iyambira ku sekondale. Yunivesiti ifuna kuti mwana apambane bwino maphunziro asanu pa mayeso otsiriza, pakati pace Cingelezi, masamu ndi sayansi, ndipo popeza malo ndi ocepa, kungopambana sikukwanira. Kuyambira mu 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace mpaka kumapeto kwa sekondale, ndipo wosankhidwa ku yunivesiti angapemphe ngongole ya maphunziro ku bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016. Ngongoleyo imabwezedwa munthu akayamba nchito. Copinga cacikulu ciri pafupi ndi nyumba. Mnyamata amene aona mnzace wabwera ndi njinga yamoto atagulitsa golide, nkobvuta kumuuza kuti apirire masamu zaka zina 5. Ndipo mtsikana wokhoza sayansi ndiye woyamba kuuzidwa kuti akaphikire okumba, ngakhale kuti sukulu ya migodi imalandira atsikana mofanana ndi anyamata.

Nchito ya womaliza maphunziro siipezeka tsiku limodzi, pakuti makampani ofufuza miyala amalemba anthu mitengo ya zitsulo ikakwera nawacepetsa ikatsika. Ena amalowa m'migodi, ena m'makampani obowola zitsime kapena omanga miseu, ena ku ZEMA, ndipo ena ku ofesi ya Boma ya Geological Survey ku Lusaka, kumene kusungidwa mapu ndi malipoti a miyala ya m'zigawo za dziko, ena mwa iwo olembedwa Zambia isanalandire ufulu. Ofesi imeneyo iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kucokera pa boma la Rufunsa.