Ulembe wa Zaka 7,000 M'fupa la Nyama

Mu 1983, ofukula zinthu zakale anatola fupa la ntchafu ya nyama m'phanga la Kruger Cave, kumapiri a Magaliesberg ku South Africa. M'kati mwake munali nsonga zitatu za mivi. Fupalo linagona m'nkhokwe kwa zaka zambiri mpaka Justin Bradfield wa pa University of Johannesburg ndi anzake atapala zouma za m'mphako mwake n'kuziyeza. Anapezamo digitoxin ndi strophanthidin, ziphe ziwiri zochokera ku zomera. Linali nsupa ya ulembe ya mlenje wa zaka 7,000 zapitazo.

Ziphe zimenezi zimalunjika mtima. Selo iliyonse ya mnofu wa mtima ili ndi kampope kotulutsa sodium n'kulowetsa potassium. Chiphecho chikatseka kampopeko, sodium amaunjikana, calcium nayenso n'kuchulukana, ndipo mtima umafinya mwamphamvu kuposa kale. Chikakhala chochepa, ndi mankhwala. Chikachuluka, kugunda kumasokonekera mpaka mtima kuima. N'chifukwa chake kamuvi kosatha kuboola nyama mozama kankagwetsa nchefu. Mlenje ankangoitsata m'mapazi.

Alenje a m'chigwa cha Shire ankazidziwa bwino izi ndi kombe, ulembe wawo. John Kirk, yemwe ankayenda ndi David Livingstone, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi. Atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, mtima wake n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Pofika 1885, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anali atasandutsa kombeyo mankhwala a mtima.

Chotopetsa ndi changu cha ofalitsa nkhani. Ku Border Cave, phanga lina la ku South Africa komweko, kamtengo ka zaka 24,000 kanapezeka ndi ricinoleic acid, ndipo nthawi yomweyo mbiri inawanda yoti apeza ricin. Zinthuzi n'zosiyana. Asidiyo ndi wa m'mafuta a nsatsi, omwe agogo athu ankadzola osafa nawo. Ricin amatsalira m'zotsalira za njere zikafinyidwa, ndipo ameneyo ndiye woopsa mwana akatafuna njerezo. Akatswiri ena amati kamtengoko kankapakira chiphe, ena akukana, ndipo mtsutsowo sunathe. Makina a mu labotale amatchula chimene chinakhudza mtengowo, koma cholinga cha mwini wake akatswiri amakachifuna pa nsonga za mivi ndi mafupa opezeka pamalopo.