Mlandu wa mwana suthera pa mbuzi

Amene tinakhalako m'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo timadziwa mmene tsiku la malipiro limakhalira. Pa Luchenza, pa Bvumbwe ndi m'timisika tina, asungwana aang'ono amagulitsa mandasi ndi nthochi mpaka mdima. Pakati pa ogula pamakhalanso afisi, amene amanyengerera mwana ndi ndalama ya sopo.

Chondiwawa kwambiri ndi chimene chimatsatira zikaululika. Amalume, ankhoswe, nthawi zina ngakhale akulu a mpingo, amakhala pansi nati tikambirane pachibale. Wolakwa apereka mbuzi kapena kandalama, nkhani nkuthera pomwepo. Mwanayo ndiye asenza bala moyo wake wonse.

Tikumbuke Tamara pa 2 Samueli 13. Atachitidwa chipongwe, mlongo wake Abisalomu anamuuza kuti akhale chete, ndipo Mfumu Davide anangokwiya osachitapo kanthu. Chetechete ameneyo sanabweretse mtendere m'nyumbamo, koma mwazi.

Malamulo a dziko lathu akukana chete wotere. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati, loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndiponso lamulo loletsa kuzembetsa anthu. Mu 2017 malamulo aakulu oyendetsera dziko anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Wogona ndi mwana angathe kulamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo kunena kuti mwanayo anavomera si chodzitetezera. Mlandu wotere si wa bwalo la mfumu kapena la mpingo, ndi wa khoti.

Nanga tichitenji? Mwana akakuululirani, mukhulupirireni, musamukalipire. Thamangirani naye kuchipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV. Kanenezeni kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena imbani nambala yaulere ya 116.

Ena amati kupereka mbale kupolisi nkusakhululuka. Ayi ndithu. Kukhululuka kumachiza mtima, koma sikufafaniza mlandu, ndipo fisi wosiyidwa m'khola mawa agwira mbuzi ina. Manyazi ndi a wolakwa, osati a mwana.

Ambuye atipatse kulimba mtima kuti tiyankhulire ana athu.