Chisanu m'zimbowera za pa Chilwa

Ife tikamadandaula za kuzizira m'mahositelo mwezi wa June, asodzi a kwa Mwambo ku Zomba amakhala akugona pamwamba pa madzi. Akanyamuka padoko la Kachulu, amakatha miyezi m'zimbowera, timisasa tomangidwa pa udzu woyandama m'nyanja ya Chilwa, kulondola matemba ndi milamba.

Mwera ukawomba, udzu sutchinga mphepo, ndipo chinyezi chochokera pansi chimalowa m'zofunda. Apa msodzi amadalira moto, koma kamsasa kouma kakayaka, kothawira n'kubwato basi. Kutseka mipata yonse mbaula ya makala ili m'kati n'koopsa koposa, ngakhale kwa ife kuno. Mpweya wa makala ulibe fungo. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenako amakomoka ali m'tulo.