Nguli ya Namalenga ndi Mvula ya kwa Kapelula

Mlimi wa fodya wa kwa Kapelula ku Kasungu, amene athirira nazale m'dzuwa loswa mtengo la Okutobala, nawokera mvula ikagwa, akhoza kuzizwa pomva kuti m'masiku oyamba a Januwale, pamene fodya wake ali kutambasula masamba, ndipo pamene dziko lapansi liyandikira dzuwa koposa, pa mtunda wa makilomita 147 miliyoni, chikhalirecho mu Julayi, mphepo ya mwera ikamaluma, likhala litatalikira kufika 152 miliyoni.

Koma sizinali chomwecho chiyambire. Dziko lizungulira chopendekeka monga nguli imene ana akwapula pabwalo. Ndipo monga mutu wa nguli udzandira pang'onopang'ono, momwemonso dziko, kotero kuti pakatha zaka ngati 11,000 kuyandikirako kudzagwa m'nyengo yozizira, dzinja n'kulandira dzuwa lofookerapo, lomwe silikoka mitambo ndi mphamvu imodzimodzi. Kupendekekako, lero madigiri 23.4, kusinthasintha pakati pa 22.1 ndi 24.5 pa zaka 41,000. Njira ya dziko yozungulira dzuwa nayonso, mwina iwulungika mwina italika ngati dzira, pa zaka ngati 100,000. Kuona maso a nkhono n'kudekha: Milutin Milanković wa ku Serbia anataya zaka zambiri akuwerengera izi ndi dzanja, natulutsa buku lake lalikulu mu 1941. Ndichenjeze pano, pakuti mtima wanga ulipo: mvula imene yasokonekera m'maso mwathu muno tisainamizire nguliyi, imene ulendo wake ndi wa mibadwomibadwo, mvulayo tiifunse ku utsi wa malasha ndi mafuta.

Mboni yoona ya mphamvu ya nguliyi ili pansi pa nyanja ya Malawi, kumene Bua ndi Dwangwa atula dothi la zigwa za Kasungu. Mu 2005 akatswiri, pakati pawo Christopher Scholz wa ku Syracuse, anaboola matope a pansipo mamita ngati 380, nawerenga miyalo yake monga masamba a buku. Ndipo anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, pamene njira ya dziko inali yotalikirapo ndi kudzandira kwa nguli kunali ndi mphamvu, chilala chadzaoneni chinabwerezabwereza, madzi natsika mamita oposa 500, nyanja yaikulu ija nisanduka thamanda la madzi amchere pakati pa dziko louma, lopanda nkhalango za msuku ndi tsamba zimene makolo athu anazipeza.