Awiri Amene Anapulumuka Nkhondo Najambulira Japan Nthano Zake

M'chaka cha 1955, dziko la Japan lisanapole mabala a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makolo ndi aphunzitsi a m'mizinda ina anasonkhanitsa timabuku ta nthano zojambula, timene eni ake amatitcha manga, natiunjika pa mabwalo a sukulu, natiyatsa moto, pokhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana wozolowera kuwerenga zithunzi adzakula wofooka nzeru ndi wopanda mwambo. Sitiyenera kuwaseka kwambiri akuluakuluwo, pakuti timabukuto tinali tosindikizidwa pa mapepala achabe, togulitsidwa pamodzi ndi maswiti, ndipo tambiri tinalidi topanda pake; koma mkwiyo susankha, ndipo chidzudzulocho chinagweranso mnyamata wina wa ku Osaka, dzina lake Osamu Tezuka, amene lero anthu a kwawo samutchula popanda ulemu.

Tezuka anabadwa mu 1928, nakulira m'tauni ya Takarazuka. Ndipo ali ndi zaka 16, atatumidwa kukagwira ntchito m'fakitale ya zankhondo monga anatumidwira ophunzira a msinkhu wake, anaona ndi maso ake ndege za America zikukhuthulira mabomba a moto pa Osaka mu 1945, nayenda pakati pa mitembo pobwerera kwawo. Anaphunzira udokotala kufikira atalandira chilolezo chochiza odwala, koma singano anaisiya natola cholembera, chimene sanachitule mpaka imfa yake mu 1989, atajambula masamba ngati 150,000.

Mu 1952, chaka chimene America inabweza ulamuliro m'manja mwa eni dziko, iye anayamba nthano ya Tetsuwan Atom, imene maiko ena amaidziwa ndi dzina lakuti Astro Boy. Katswiri wina wa sayansi, Dr Tenma, mwana wake Tobio atafa pa ngozi ya galimoto, anakana kutonthozedwa, naumba mwana wachitsulo m'chifaniziro cha womwalirayo, namupatsa mphamvu za akavalo 100,000 ndi mtima wodziwa kukonda. Koma zitapita zaka, poona kuti mwanayo sakukula msinkhu monga akulira ana a anthu, chikondi chake chinasanduka chidani, namgulitsa kwa mwini zionetsero, kumene anamgwiritsa ntchito ngati kapolo kufikira mkulu wina wa mphuno yaikulu, Professor Ochanomizu, anamuombola namulera, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana anakonda Atom chifukwa anali kuuluka ndi moto wotuluka ku mapazi; koma wowerenga mofatsa adzapeza kuti nkhani zambiri za m'menemo ndi za maloboti opangidwa kuti atumikire, onyozedwa ndi amene anawapanga, ndi za mwana mmodzi woima pakati pa mitundu iwiri yosamvana, wosalandiridwa kwathunthu ndi uliwonse. Ndipo kuti mwanayo anali kuyendera mphamvu yomweyo imene inapsereza Hiroshima ndi Nagasaki zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, palibe kholo la ku Japan limene likanalephera kuzindikira.

Chaka chotsatira, 1953, dzanja lomwelo linalembera atsikana nthano ya mafumu ndi mfiti, Ribon no Kishi. Mngelo wina wamng'ono wosamva, Tink, anachititsa kuti Sapphire, mwana wamkazi wa mfumu ya Silverland, abadwe ndi mitima iwiri, wachimuna ndi wachikazi. Ndipo popeza lamulo la dzikolo silinalole mkazi kulowa ufumu, anamulera ngati mnyamata, lupanga m'chiuno, kuopa kuti mpando ungagwe m'manja mwa Duke Duralumin. Maso aakulu ndi zovala zonyezimira za m'nthanoyi Tezuka anazitenga ku gulu la zisudzo la Takarazuka, m'mene akazi okhaokha ndiwo amasewera mbali zonse, ndi kumene mayi wake anali kupita naye ali wamng'ono.

Koma amene ine ndimuyesa wozama koposa ndi wachiwiriyu, Shigeru Mizuki, amene ulemerero unamuchedwera. Anabadwa mu 1922, nakulira ku Sakaiminato, doko la asodzi la m'chigawo cha Tottori, kumene gogo wina wosauka wothandiza ntchito pakhomo pawo, amene ana anali kumutcha NonNonBa, anamudzaza mutu ndi mbiri za yokai, ndiyo mizukwa ndi zilombo zosaoneka zimene anthu akale a ku Japan anati zimakhala m'madenga, m'mitsinje ndi m'njira za usiku. Anamuuza za Betobeto-san, amene mapazi ake amamveka kumbuyo kwa munthu woyenda mumdima, ndipo mankhwala ake si kuthawa ayi, koma kupatuka mwaulemu ndi kumupempha kuti atsogole; anamuuzanso za Akaname, amene amadza usiku kudzanyambita litsiro m'bafa losatsukidwa. Aliyense amene anakhalapo pamoto madzulo, agogo akuyamba kuti padangotero, adziwa kuti chilombo chotere chimasesetsa pakhomo msanga kuposa chikwapu.

Mu 1943 anamulemba usilikali, m'nkhondo yomwe ija imene inatengera asilikali a Nyasaland a King's African Rifles ku nkhalango za Burma kukamenyana ndi Ajapani. Koma iye anamutumiza ku chilumba cha New Britain, chimene lero chili m'dziko la Papua New Guinea. Kumeneko anamenyedwa makofi ndi akuluakulu ake pafupifupi tsiku ndi tsiku. Ndipo pamene kagulu kake kanathiridwa nkhondo, anzake onse naphedwa, iye yekha napulumuka pothawa m'nkhalango ndi m'mphepete mwa nyanja, sanamulandire ndi chimwemwe pofika ku msasa, koma anamudzudzula chifukwa chosafa pamodzi ndi anzake, popeza chiphunzitso cha asilikali a Japan masiku amenewo chinayesa kupulumuka kotere chinthu chamanyazi. Ali gone ndi malungo, bomba la ndege linamuphwanya mkono wamanzere, naudula popanda mankhwala oletsa ululu. Amene anamuchitira chifundo anali eni nthaka, anthu a mtundu wa Tolai, amene anamudyetsa namuyesa mbale wao, kotero kuti nkhondo itatha anafuna kutsala komweko, ndipo anakwera chombo pokhapokha dokotala wa asilikali atamuumiriza kuti ayambe wakaonana ndi makolo ake. Zinapita zaka zoposa 20 asanakawaonenso abwenzi akewo.

Atabwerera ndi mkono umodzi, anayamba kujambulira anthu a kamishibai, amuna oyenda pa njinga atamangirira kabokosi kamatabwa kumbuyo, amene anali kuitana ana pogogoda timitengo tiwiri, nawagulitsa maswiti, nawasimbira nthano akusolola zithunzi chimodzichimodzi, ndi kulekeza pokoma penipeni kuti mawa anawo adzabwerenso ndi kandalama. Wailesi ya kanema, imene inayamba ku Japan mu 1953, inapha malonda amenewa, ndipo Mizuki anasamukira ku mabuku obwereketsa, amene malipiro ake anali ochepa ndi osadalirika, mwakuti iye ndi mkazi wake, amene anamukwatira mu 1961, anali kupinyolitsa katundu wa m'nyumba ndi kugula nthochi zoyamba kuola chifukwa ndizo zinali zotsika mtengo.

Mu umphawi umenewo, mu 1960, ndimo anatulutsira Kitaro, mwana wa diso limodzi, wotsala yekha wa fuko la mizukwa, amene anabadwira m'manda natuluka m'dothi mayi wake ataikidwa kale. Bambo wake anali atafa ndi nthenda yoononga thupi. Koma chifukwa cha kudera nkhawa mwanayo, diso lake limodzi linatsika pa mtembo, nilimera timanja ndi timiyendo, nililondola mwana wake. Ndipo kuyambira pamenepo kholo limeneli limayenda litabisala m'tsitsi la Kitaro, limamulangiza ndi mawu a munthu wamkulu, ndipo likatopa limasamba madzi ofunda m'kambale. Sindidziwa wolemba wina amene anasanganiza zonyansa, zoseketsa ndi chikondi cha kholo m'chithunzi chimodzi chotere. Nthanoyi inalowa m'magazini ya mlungu ndi mlungu ya Shonen Magazine mu 1965, Mizuki ali ndi zaka 43. Mu 1967 anachotsa mawu otchula manda pa mutu wake, kuopa kuthawitsa amalonda olipira mapologalamu, niikhala GeGeGe no Kitaro, ndipo mu 1968 inayamba kuonetsedwa pa kanema.

Zilombo zambiri za m'menemo sanazipeke yekha. Zina anazitenga ku zojambula za Toriyama Sekien za m'ma 1770, zina ku zolemba za Kunio Yanagita, amene anasonkhanitsa zikhulupiriro za kumidzi. Ndipo zimene zinali maina okhaokha opanda nkhope, monga Nurikabe, khoma losaoneka lotsekera njira woyenda usiku, iye ndiye anazipatsa thupi limene mwana aliyense wa ku Japan amalidziwa lero. Kawirikawiri anali kudandaula kuti magetsi ndiwo anapirikitsa yokai, popeza zimafuna mdima ndi bata. Ndipo m'nthano zake chilombo chimalusa nthawi zambiri chifukwa munthu wadula nkhalango yake kapena wathira zonyansa m'madzi ake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: munthu yemweyu mu 1973 anajambula buku la asilikali olamulidwa kukafa imfa yopanda phindu ku New Britain, ndipo m'menemo mulibe mzukwa woopsa kuposa akuluakulu a nkhondo.

Tezuka, amene sanali kukondwera kupambanidwa ndi munthu, ataona kuti ana onse atembenukira ku mizukwa, anayankha mu 1967 ndi Dororo, nthano ya Hyakkimaru, amene bambo wake anapereka ziwalo zake 48 kwa ziwanda posinthana ndi ulamuliro, ndipo mwanayo amayenda ndi manja ndi miyendo yopanga, kupha chiwanda chimodzichimodzi kuti chiwalo chilichonse chimubwerere. Apanso ndi kholo logulitsa mwana wake. Koma nthanoyi inalemera mdima kuposa umene owerenga a magazini ya ana akanasenza, ndipo anaidula Hyakkimaru asanalandire thupi lake lonse.

Mizuki anakhala ndi moyo kufikira 2015, namwalira ali ndi zaka 93, ataona buku lake lonena za gogo NonNonBa likulandira mphotho yaikulu pa chikondwerero cha nthano zojambula cha ku Angoulême, ku France, mu 2007. Kwawo ku Sakaiminato, kumene masitolo anali kutsekedwa chifukwa chosowa ogula, akuluakulu a tauni anaimika zifanizo zamkuwa 23 za yokai m'mbali mwa msewu wochokera ku siteshoni ya sitima mu 1993, ena mwa eni masitolo akung'ung'udza kuti mizukwa idzaingitsa ngakhale ogula ochepa otsalawo. Akuba anazula zina mwa zifanizozo, nyuzipepala zinalemba za umbavawo, ndipo anthu anayamba kubwera kuchokera kutali kudzaona chimene chinali kubedwa. Lero zifanizozo zapitirira 170, ndipo bwalo la ndege la Yonago, limene lili pafupi, lakhala likutchedwa ndi dzina la Kitaro kuyambira 2010.