Ngalande za m'supamaketi

Mlimi wa dimba kwa Kaphuka ku Dedza akapatutsa madzi pamtsinje, sawasiya kuti ayende momwe afunira. Madzi paokha amafuna njira yachidule yotsikira kudambo. Choncho iye amakumba ngalande yokhotakhota, apa n'kutseka ndi chibuma, apo n'kutsegula ndi khasu, kuti madziwo asanatuluke adutse pa kachewere, akhotere ku kabichi, anyowetse anyezi, mpaka akafike pa mpiru wa kumapeto. Amene anaonapo ntchito imeneyi m'chilimwe savutika kumvetsa mamangidwe a supamaketi, chifukwa anthu ojambula mapulani a sitolo zikuluzikulu amagwira ntchito yomweyo. Mashelefu ndiwo mabedi a mbewu, mipata yodutsamo ndiyo ngalande, ndipo madziwo ndi ife ogula pamodzi ndi ndalama zathu.

Golosale ya pa Linthipe kapena pa Chimbiya ilibe ngalande. Pali kauntala, mwina ndi waya wotchinga, ndipo katundu ali kuseri kwa mwini wake. Mumatchula chimene mwadzera, iye n'kukupatsirani. Munabwerera sopo, mwatenga sopo, mwapita. Pafupifupi dziko lonse linkagula chomwechi mpaka mu 1916, pamene Clarence Saunders anatsegula sitolo yotchedwa Piggly Wiggly mumzinda wa Memphis ku America. Iye anachotsa kauntala pakati pa munthu ndi katundu, n'kukonza njira yoti wogula alowere khomo lina, adutse pa shelefu iliyonse akudzitengera yekha, akalipire potulukira. Mu 1937 Sylvan Goldman wa ku Oklahoma City anawonjezera kangolo kokankha, ataona kuti anthu amaleka kutola zinthu dengu likayamba kulemera m'manja. Zinthu ziwirizi, njira yokonzedweratu ndi kangolo, ndizo maziko a supamaketi iliyonse imene mungalowe lero, kaya ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Johannesburg.

Tsono taganizani kuti mwakwera minibasi pa Linthipe, mwafika mumzinda, mwalowa m'sitolo yaikulu kudzagula shuga, mafuta ophikira ndi buledi. M'sitolo zambiri zimene zimayamba kukulandirani ndi zipatso ndi masamba, zowala, zoyalidwa bwino pansi pa magetsi. Si ngozi kuti zili pakhomo. Munthu akaona tomato wofiira ndi kabichi wobiriwira polowa, mtima wake umagamula kuti zonse za m'katimo n'zatsopano, ngakhale za m'zitini. Fungo la buledi wa mu uvuni limathandizira: wanjala amagula zambiri kuposa wokhuta.

Zimene mwadzera sizili pafupi, ndipo sizili pamodzi. Mkaka ndi nyama kawirikawiri zimakhala kumapeto kwenikweni, shuga mpata wina, mafuta mpata winanso. Apa pali zifukwa ziwiri, ndipo zonse n'zoona. Choyamba n'cha ntchito: magalimoto amatsitsira katundu kuseri, ndipo mafiriji aakulu amafuna khoma ndi mapaipi, choncho zozizira zimakhala kufupi ndi kumene zalowera. Chachiwiri n'cha malonda: kuti mukafike pa mkaka mudutsa mabisiketi, Sobo, mafuta odzola ndi mapoto, ndipo maso sadutsa chinthu osachiona. Ndi chibuma chija chimene chimatseka njira yachidule kuti madzi azungulire munda wonse.

Shelefu nayo ili ndi malo a ulemu ndi malo onyozeka. Chimene chili molingana ndi maso a munthu wamkulu chimatengedwa msanga, ndipo m'maiko ambiri makampani opanga katundu amalipira sitolo kuti awaikire zinthu zawo pamenepo kapena pamutu pa shelefu, pamene aliyense amakhotera. Zotsika mtengo zimakonda kukhala m'munsi, zofuna kuwerama. Maswiti ndi chokoleti zimadikira pamalo olipirira, pamene mwaima pamzere mwana ali pambali, ndipo zimaikidwa pamsinkhu wa mwanayo. Mawindo ndi ochepa, wotchi pakhoma siioneka kawirikawiri, kangolo n'kakakulu moti zinthu zitatu zimaonekamo ngati simunagule kanthu. Ine sindiona chinyengo pa zimenezi, pakuti mtengo walembedwa poyera ndipo palibe amene wakugwirani dzanja. Koma munthu amene wagulitsa matumba ake a kachewere atathirira miyezi itatu ayenera kudziwa kuti njira imene akuyendamo m'sitolomo anachita kumukonzera. Akalemba zogula papepala asanachoke kunyumba, n'kumayang'ananso shelefu ya m'munsi, ndalama yake ikagwira ntchito imene anaikonzera.

Nanga n'chifukwa chiyani sitolo yoti ikuyenda bwinobwino amaiphwasula m'kati n'kuikonzanso? Mlimi amadziwa kuti ngalande ya chaka chatha siigwira ntchito mpaka kalekale. Imadzaza mchenga, madzi amabowola pena n'kupeza njira yawoyawo, mabedi ena n'kumauma. Ogula nawo akazolowera sitolo amaloweza njira: alowa, alunjika pa shuga, atembenukira pa mafuta, atuluka, osaona china chilichonse. Kusuntha katundu kumawabwezera koyang'anayang'ana. Pali zifukwa zinanso zolemera kuposa chimenechi. Mafiriji akale osatseka amadya magetsi kwambiri, ndiye amaika a zitseko. Kuno kwathu, kumene magetsi amathimathima, sitolo yogulitsa nyama ndi mkaka siingakhale yopanda jenereta kapena sola. Mipata yopapatiza imakulitsidwa kuti tingolo tiwiri tipatukane, malo olipirira amawonjezeredwa, ndipo pamaikidwa pogulitsira chakudya chophikaphika chifukwa anthu a m'maofesi amachifuna masana. Zonsezi zimadya ndalama zambiri, ndipo ndalamazo zimayenera kubwerera kudzera pa malonda. Kukonzanso sitolo kumapindula pokhapokha ngati anthu olowa achuluka kapena aliyense akutuluka ndi zambiri.

Nkhani ya maina ndiyo imasokoneza ambiri. Athu amene ali ku Joni amadziwa Shoprite, Checkers ndi Usave, ndipo ena amayesa kuti ndi makampani atatu opikisana. Mwini wake ndi mmodzi. Shoprite inayamba mu 1979 ndi sitolo 8 ku Cape, inatenga Checkers mu 1991, ndipo mu 1997 inagula OK Bazaars, imene inali itamira m'mavuto, pamtengo wa randi imodzi. Dzina la Checkers sanalifafanize. Analisunga kuti likhale la anthu opeza bwino, ndi magetsi ofewa, tchizi zamitundumitundu ndi malo a vinyo. Shoprite yofiira ija ndi ya anthu ambiri ogula pakutha pa mwezi. Usave ndi yaing'ono, ya mitundu yochepa ya katundu, wambiri ali m'makatoni momwe anabwerera, kuti maonekedwe enieniwo azinena kuti muno n'motchipa. Pick n Pay nayo ili ndi Boxer, imene inaigula mu 2002, ya m'matauni ang'onoang'ono ndi m'makomboni. Ku America kampani ya Kroger imatchedwa Ralphs ku California, King Soopers ku Colorado ndi Fred Meyer ku Oregon, chifukwa itagula sitolo za m'maderawo inaona kuti anthu amakhulupirira dzina limene makolo awo ankagulako.

Mlimi wa ku Dedza sangadabwe nazo. Boma ndi limodzi, koma kachewere amene amachita bwino kumtunda kozizira kuno simungakamudzale kwa Kachindamoto, kutsika Khwekhwerere, n'kuyembekezera zokolola zomwezo. Kumeneko n'kwa mpunga. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi minda kuwiri konseku, koma mbewu amasankha poona dothi. Makampani amene anaiwala zimenezi analira. Walmart, ngakhale ili yaikulu padziko lonse, inachoka ku Germany mu 2006 italephera kugwirizana ndi kagulidwe ka anthu a kumeneko, ndipo Tesco ya ku Britain inasiya sitolo zake za Fresh & Easy ku America mu 2013.

Ifenso tili ndi mbiri yathu, ndipo ndi yofunika kuiganizira mofatsa. Akuluakulu amakumbukira sitolo za Kandodo. Chipiku inakulira pa ntchito yoodetsa katundu kwa eni magolosale a m'midzi, kenaka m'mizinda inatsegula Chipiku Plus, ya mashelefu ndi tingolo: dzina lodziwika kale, mamangidwe ena, ogula ena. Koma sitolo imene inalowa m'moyo wa Amalawi koposa inali PTC, imene inayamba mu 1973 pansi pa Press Corporation. Inafika m'maboma ambiri, ndipo kwa mwana wa kumudzi kulowa mu PTC kunali kuona tauni. M'kupita kwa zaka kampaniyi inavala maina angapo, Peoples, Kwiksave, Metro, ndipo m'zaka za m'ma 2010 inatenga chilolezo cha dzina la Spar, la ku Netherlands, n'kukonzanso sitolo zina kuti zifanane ndi za kunja. Zikwangwani zinasintha, utoto unasintha. Ngongole kwa operekera katundu sizinathe, mashelefu anayamba kuchepa zinthu, nthambi zinatsekedwa imodziimodzi. Mu 2022 Press Corporation inaigulitsa, ndipo pasanapite nthawi dzina la PTC linazimirira m'misewu yathu. Malo ena amene inasiya munalowa sitolo zina monga Sana.

Apa ndi pamene ndimaona kuti fanizo la dimba limanena zoona zowawa. Mukhoza kukumba ngalande yokongola, yowongoka m'mbali, yokhota pamalo pake, koma ngati m'mabedi mulibe mbewu, madzi angodutsa. Mayi amene wakwera minibasi kudzafuna shuga, akapeza shelefu ili mbee kawiri katatu, sabweranso, ngakhale pansi patawala bwanji. Dzina lachilendo silimubweza. Chimene chimamanga wogula ndi kupeza chimene wadzera, pamtengo umene angathe, tsiku lililonse.

Shoprite inafika ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo sitolo yake ya ku Chichiri inaphunzitsa anthu ambiri kukankha kangolo. Mu 2025 inalengeza kuti ikugulitsa sitolo zake zisanu za m'dziko muno. Aliyense wochita malonda a katundu wochokera kunja akudziwa msampha wake: ndalama zakunja zikusowa, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Sitolo imene mashelefu ake amadalira malole ochokera ku South Africa imagulitsa m'makwacha koma imaoda m'marandi ndi m'madola. Pulani ya nyumba, kaya ikhale yanzeru chotani, siingatseke mpata umenewo.

N'chifukwa chake kwa ine funso loti sitolo ndi ya kuno kapena ayi siliyankhidwa ndi chikwangwani, kapena ndi mawu a Chichewa olembedwa pakhomo olandira alendo. Limayankhidwa ndi zimene zili pashelefu ndi kumene zachokera. Ku Chipata, Shoprite itatsegula, alimi a masamba a ku Luangeni anadandaula kuti yawalanda msika, ndipo mapeto ake panapangidwa mgwirizano woti iwo azipereka masamba awo kusitoloko. Zinafuna kuti alimiwo asinthe: kudzala mosinthanasinthana kuti katundu asaduke, kusankha ndi kutsuka, kufika tsiku limene anapangana. Supamaketi siigula ngati venda wa pamsewu wa M1 amene amatenga zimene wapeza lero. Imafuna muyezo umodzi sabata iliyonse, kulemba malisiti, ndiponso kawirikawiri imalipira patapita masiku. Mlimi mmodzi wa dimba limodzi sangakwanitse zimenezi, koma kalabu kapena kopaletivi ya alimi makumi angapo ikhoza. Mu March 2025 boma linaletsa kuitanitsa kunja zinthu zingapo zimene zimapezeka konkuno, kuphatikizapo masamba ndi zipatso zina. Lamulo lotere limatsegula malo pashelefu, koma silidzaza malowo. Odzaza ndi alimi okonzeka.

Sitolo yofuna kukhazikika pakati pa anthu ngati a kwa Kaphuka iyeneranso kudziwa kayendedwe ka ndalama zawo. Kuno ndalama siibwera pa 25 mwezi uliwonse. Imabwera pokolola, pogulitsa soya, nyemba ndi kachewere, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale anthu amagula mafuta oyeza ndi shuga wa m'timapepala. Mwini golosale wa pamsika amazidziwa bwino izi: amadziwa nthawi yoika mapaketi aakulu ndi nthawi yogawa tating'ono, amadziwa amene angamukongoze mpaka akumbe mbatata. Pa nzeru imeneyi amawaposa a mapulani a mumzinda. Chimene angatengeko kwa iwo n'chochepa koma chaphindu: kuwala kokwanira m'golosale, mitengo yolembedwa poonekera, sopo ndi palafini kutali ndi ufa ndi shuga, katundu wakale kutsogolo kuti atuluke msanga, ndi malo oti munthu aone zinthu ndi maso ake asanafunse.

Kwa eni masupamaketi a ku Lilongwe, amene magalimoto awo amadutsa pa Chimbiya ndi pa Linthipe mlungu uliwonse, pempho langa ndi ili: mukamakonzanso sitolo zanu, pamalo a ulemu aja a pakhomo muikepo kachewere, kabichi ndi nyemba za ku Dedza, mulembepo kumene zachokera, ndipo alimi ake muziwalipira pa nthawi yake.